DCS AH-64D: zizindikiro za pachisoti n'zimene mukulipirira

Helikopita yankhondo ya AH-64D Apache, imene kampani ya Eagle Dynamics inaika mu DCS World, masewera a pakompyuta oyerekeza kuyendetsa ndege zankhondo, mu March 2022, ili ndi mfuti ya 30mm, mizinga ya Hellfire ndi maroketi. Koma chimene chimasankha ngati mwagula chinthu chabwino kapena mwataya makwacha ndi kagalasi ka pachisoti kotchedwa IHADSS, kokhala padiso lakumanja, kamene kamaonetsa zizindikiro zoyendetsera ndege. Apa anagwira ntchito yooneka, ngakhale sanaifewetse kwa wongoyamba.

Musananyamuke, chisoti chiyenera kugwirizana ndi mphuno ya ndege. Walitsani nyali za m'kati, tsegulani tsamba la zida la WPN, dinani BORESIGHT kenako IHADSS, ikani mtanda pakati pa mphete za kagalasi kali kutsogolo kwanu, mumalize ndi B/S NOW. Mukadina mutu uli wopendekeka, mfuti izilasa pambali ulendo wonse, inu n'kumanamizira joystick.

Zizindikiro zili m'magulu anayi, ndipo batani limodzi la pa cyclic, ndodo yowongolera ndege, ndilo limasintha: kutsogolo Transition ndi Cruise, kumbuyo Hover ndi Bob-up. M'magulu onse, pamwamba pali kampasi, kumanzere torque (mphamvu imene injini zikutulutsa) ndi liwiro, kumanja kutalika kuchoka pansi ndi kamakona katatu kosonyeza ngati mukukwera kapena mukutsika, pansi kampira ka trim kosonyeza ngati ndege ikutererekera chammbali. Torque ikafika 98 peresenti imazunguliridwa ndi bokosi. Mukaliona lekani kukoka collective, chogwirira chokwezera ndi kutsitsira ndege.

Pa Hover, gulu loimira malo amodzi m'mwamba, m'pamene ambiri amagonja. Kuchoka pakati pa mtanda pamatuluka kamzere kosonyeza kumene ndege ikutsetserekera, ndipo pali kamphete kosonyeza kumene kamzereko kakupita. Chithunzichi chili ngati mukuiona ndege muli pamwamba pake: kumtunda kwa galasi ndi kumphuno, kumunsi ndi kumchira. Mutembenuze mutu kumanzere kapena kumanja, sizisintha. Wongoyamba amayang'ana pawindo lakumanzere, n'kuona kamzere kaloza kumtunda, n'kuganiza kuti akupita kumene maso ali, pomwe akupita kutsogolo. Mtengo umamupeza pomwepo.

Osathamangitsa kamzere. Kamachedwa, ndipo mukamakatsatira ndege imayamba kugwedezeka ngati katungwe. Gwirani kamphete: kankhani cyclic pang'onopang'ono mpaka kakhale pakati pa mtanda, dikirani kamzere kafupike kokha, kenako dinani force trim, batani losunga cyclic pamene yafika. Dziwaninso muyeso. Mu Hover kamzere kamadzadza pa ma knot 6, pafupifupi makilomita 11 pa ola, pomwe mu Transition kamadzadza pa ma knot 60. Choncho kamzere kakafupi mu Transition sikatanthauza kuti mwaima. Potera yambirani mu Transition, musinthire ku Hover liwiro likatsala pang'ono kutha. Diso lina likhale pa kamakona katatu, chifukwa kutsika mopitirira ma feet 300 pa mphindi muli pafupi kuima kumakugwetserani mumphepo ya mapiko anu omwe, ndipo kukoka collective kumangoonjezera vuto.

Bob-up imaonjezera kabokosi ka makona asanu ndi atatu pamalo pamene munali podina. Kakatsikira kumunsi ndiye kuti mwasunthira kutsogolo. Kamathera pa ma feet 40, mamita 12 okha, koma n'kokwanira kubisala kuseri kwa phiri, kusuzumira, n'kubwerera. Cruise ilibe zambiri: imaonetsa kupendekeka kwa ndege ndi kutalika kuchoka panyanja.

Mfuti imatsata mutu wanu, koma imakhulupirira mtunda wolembedwa kumunsi kwa galasi. Kwa woyendetsa umayambira pa M1.5, kutanthauza mamita 1,500 oikidwa pamanja. Chandamale chikakhala pa mamita 600, zipolopolo zimadutsa pamwamba. Sinthani mtundawo pa MANRNG patsamba la WPN, kapena ikani A kuti kompyuta iwerengere yokha, ngakhale pamapiri imaphonya chifukwa imaganiza kuti pansi m'posalala.

Zodandaula zilipo. Masana pachipululu zilembo zobiriwirazi zimasowa mpaka mutakweza kuwala kwake, ndipo usiku, chithunzi cha PNVS, kamera yoonera mumdima, chikabwera kumbuyo kwake, pamadzadza ngati Soweto Market Loweruka. Batani la I limachotsa kagalasiko mukafuna kuwerenga za m'kati. George, mnzanu wa kompyuta wokhala mpando wakutsogolo, amathandiza kupeza adani, koma kuwerenga zizindikiro sakuphunzitsani. Buku la malangizo ndi laulere, lalitali, ndipo silithawika.

Popanda chotsata mutu, chipangizo chotembenuza chithunzi mukatembenuza mutu, musagule. Kutembenuza maso ndi mbewa kwinaku mukugwira cyclic n'kudzizunza. TrackIR ndi yodula ndipo nthawi zambiri muyenera kuitanitsa kunja, koma OpenTrack ndi yaulere ndipo imagwira ndi webcam wamba ya m'mashopu a ku Town Centre, bola m'chipinda muziwala. Mapedulo ndi abwino kuposa joystick yopotokola. Kompyuta ikhale ndi SSD ndi RAM ya 32GB ngati mukufuna kuseweranso ndi anzanu pa intaneti, ndipo mafayilo ndi aakulu moti bundle ya pafoni imatha musanafike pakati. Koperani usiku, UPS ili pambali chifukwa cha magetsi athuwa. DCS yochokera pa webusaiti ya Eagle Dynamics imalola kuyesa ndegeyi kwaulere masiku 14. Masikuwo athereni pa Hover, mfuti zidikire.