Matumbo a nsomba: asidi kapena molasi?

Matumbo a chambo ndi mlamba amene amatayidwa pamsika wa Kasungu ali ndi ma enzyme, timadzi ta m'thupi togaya mapuloteni: pepsin wa m'chifu, wokonda powawasa, ndi trypsin wa m'matumbo. Mukawasamala, matumbowo amadzigaya okha n'kusanduka phala lodyetsa nkhumba ndi nkhuku. Chachikulu n'chakuti musawawiritse, chifukwa moto umapha ma enzyme.

Njira ya asidi ndi yachangu. Gayani matumbo tsiku lomwelo, thirani malita 3 a formic acid pa makilogalamu 100, takasani ndi mtengo mumgolo wapulasitiki, poti wachitsulo umadyeka. pH, womwe ndi muyeso wa kuwawasa, ikhale pansi pa 4 kuti matumbowo asaole. Apa pepsin ndiye amagwira ntchito, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala phala limasungunuka m'masiku ochepa. Koma asidiyu sapezeka wamba, ndipo amawotcha khungu ndi maso.

Kwa mlimi wamng'ono ife tikusankha molasi, madzi otsekemera otsala popanga shuga wa nzimbe: makilogalamu 15 pa 100 a matumbo, kuthirako chambiko. Tizilombo ta m'chambiko timasandutsa shuga wa m'molasi kukhala asidi. Vundikirani mgolo, koma siyani kachibowo kotulutsira mpweya, apo ayi chivundikiro chimatukumuka. Kuwawasa kumabwera pang'onopang'ono, choncho masiku awiri oyamba ndiwo oopsa. Molasi akachepa, kapena matumbo akayamba akhala padzuwa, phala limada n'kununkha ngati dzira lovunda. Limenelo tayani, musapatse chiweto.

Labwinolo sakanizani ndi gaga. Nkhumba muisiyitse masabata angapo musanaiphe, kuopa nyama kumveka fungo la nsomba.