AV-TEST, AV-Comparatives kapena SE Labs: timvere uti posankha antivayirasi?

Makampani ogulitsa antivayirasi amakonda kumata timabaji pamasamba awo kusonyeza kuti anakhoza mayeso. Timabajito nthawi zambiri timachokera ku AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany, AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria, kapena SE Labs ya ku Britain. Mabungwe onse atatu amagwira ntchito yooneka, koma sayesa chinthu chimodzi.

AV-TEST imatulutsa zotsatira za Windows miyezi iwiri iliyonse. Imapereka mamalikisi 6 pa chitetezo, 6 pa kusalemetsa kompyuta, ndi 6 pa kusanamizira mafayilo abwino kuti ndi vayirasi, onse pamodzi 18. Setifiketi imayambira pa 10, ndipo pulogalamu yopeza 17.5 imatchedwa Top Product. Tebulo lake ndi losavuta kuwerenga. Vuto lake n'lakuti mapulogalamu otchuka amaunjikana pa 17.5 ndi 18, ngati kalasi imene ana onse akhala nambala wani. Ingakuthandizeni kutaya pulogalamu yoipa, koma osati kusankha pakati pa zabwino.

AV-Comparatives ndiye imasiyanitsa bwino, chifukwa mayeso ake ndi ogawagawa. Pa Real-World Protection Test, oyesa amatsegula maulalo enieni okhala ndi vayirasi kompyuta ili pa intaneti, n'kuona ngati pulogalamu yatchinga. Pulogalamu ikangofunsa munthu kuti asankhe yekha kulola kapena kukana, imapatsidwa theka la malikisi, ndipo n'zomveka, poti ambiri amangodina kulola. Pa Malware Protection Test mafayilo oipa amakhala ali kale pa disiki kapena pa flash, ndipo amaonetsa padera zimene pulogalamu yagwira intaneti ilipo ndi zimene yagwira intaneti palibe. Apa mpamene pali nkhani. Mapulogalamu ambiri masiku ano amafunsa maseva a kampani yawo asanaweruze fayilo, choncho bandulo ya intaneti ikatha mphamvu zawo zimatsika. Microsoft Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, ndi chitsanzo: pa intaneti imachita bwino, koma popanda intaneti kawirikawiri imatsalira kumbuyo kwa Bitdefender kapena ESET. Ngati kompyuta yanu imalandira maflash a anthu tsiku lonse pamalo osindikizira mapepala, ndipo intaneti ndi ya apo ndi apo, mzere wa offline, wa zimene yagwira intaneti palibe, ndi umene muyenera kuyang'ana. Muonenso chiwerengero cha mafayilo abwino amene pulogalamu yanamizira, chifukwa chikachuluka baji imatsitsidwa kuchoka pa Advanced+, yomwe ndi yapamwamba, ngakhale itagwira mavayirasi onse.

SE Labs imayesa mafayilo ochepa koma mozama. Imatsanzira wakuba wolimbana ndi munthu mmodzi kuyambira polowera mpaka pomaliza, ndipo pulogalamu ikalola kompyuta kugwidwa imachotsedwa mamalikisi. Baji yapamwamba ndi AAA. Malipoti ake amapindulitsa kwambiri osamalira makompyuta a ofesi kusiyana ndi wa laputopu imodzi kunyumba.

Nanga n'odalirika? Makampani amalipira kuti alowe m'mayeso ambiri, ndipo ena salowamo n'komwe, choncho kusapezeka pa tebulo sikutanthauza kulephera kapena kukhoza. Chinyengo chimachitikanso. Mu 2015, AV-TEST, AV-Comparatives ndi bungwe lina loyesa la Virus Bulletin analanda kampani ya antivayirasi ya Qihoo 360 mabaji atapeza kuti pulogalamu imene inatumizidwa kumayeso inali ndi injini (mbali ya pulogalamu yozindikira mavayirasi) ya Bitdefender yoyatsa, pamene imene anthu ankatsitsa inali ndi injiniyo yozimitsa. Ena amati nkhaniyi ikusonyeza kuti mayeso n'ngachabe. Ife tikuona mosiyana: anagwira chinyengocho ndi oyesa omwewo, ndipo anachilengeza poyera. Mu 2019 AV-Comparatives inayesanso maapu 250 a antivayirasi a pa Google Play, ndipo 80 okha ndi amene anagwira mavayirasi oposa 30 peresenti popanda kunamizira apu yabwino. Ena mwa otsalawo ankangoyang'ana dzina la apu n'kunena kuti ili bwino. Zotere munthu payekha sangazitulukire.

Powerenga, musadalire lipoti limodzi. Tengani la chaka chino kuchokera kumabungwe awiri, muone ngati pulogalamu yakhala pamwamba maulendo angapo otsatizana. Kusiyana kwa 99.6 ndi 99.8 peresenti pa maulalo 500 ndi ulalo umodzi wokha, ndiye musalipire ndalama chifukwa cha chimenecho. Onetsetsani dzina lonse la chimene chinayesedwa, chifukwa baji ya pulogalamu yolipira siimira yaulere. Ndipo mukaona Avast ndi AVG zapeza mamalikisi ofanana musadabwe: Avast inagula AVG mu 2016, ndipo ziwirizi zimagwiritsa ntchito injini imodzi.