Ndemanga ya lavaan: yaulere ndi yodalirika pa RI-CLPM, koma muziwerenga df nokha

Kodi kusowa tulo ndiko kumadzetsa kukhumudwa, kapena kukhumudwa ndiko kumalanda munthu tulo, kapena ziwirizi zimasonkhezerana? Kuti funso ngati ili liyankhidwe, anthu omwewo amayezedwa maulendo angapo, mwachitsanzo ndi mndandanda wa mafunso wa PHQ-9 woyeza kukhumudwa ndi wa ISI woyeza kusowa tulo pakapita miyezi 6 iliyonse. Deta ikatoleredwa pamafunika pulogalamu yoti iwerengere. lavaan ndi phukusi laulere la R (pulogalamu yowerengera deta) lomwe analemba Yves Rosseel wa ku Ghent University, ndipo analifotokoza mu Journal of Statistical Software mu 2012. Ntchitoyi limaigwira bwino kwambiri. Chovuta chake n'choti limachita ndendende zimene mwalemba, ndipo mukalemba zolakwika nthawi zina limangokupatsani manambala osadandaula.

Mu 2015 Ellen Hamaker, Rebecca Kuiper ndi Raoul Grasman anaonetsa kuti CLPM (cross-lagged panel model), njira yakale yoonera ngati chinthu chimodzi chimalosera china pa ulendo wotsatira, imasakaniza zinthu ziwiri: kusiyana kwa anthu komwe sikusintha, ndi kusinthasintha kwa munthu mmodzi payekha. Njira yomwe iwo anabweretsa, RI-CLPM, imapatsa munthu aliyense mulingo wake wokhazikika, wotchedwa random intercept, kenako imafunsa kuti: munthu akagona moipa kuposa mmene amagonera iye mwini, kodi ulendo wotsatira amakhumudwa kuposa chizolowezi chake? Imafuna maulendo osachepera 3, pomwe CLPM imatheka ndi 2.

Kalembedwe ka lavaan ndi kosavuta kuwerenga, ndipo apa ndipo timaiyamikira kwambiri. Deta ikhale yoti munthu mmodzi ndi mzere umodzi, wokhala ndi x1, x2, x3, y1, y2, y3 (x ndi choyezedwa chimodzi, y ndi chinacho, ndipo nambala ndi ulendo). Mulingo wokhazikika mumalemba RIx =~ 1*x1 + 1*x2 + 1*x3. Gawo losinthasintha la ulendo uliwonse ndi wx1 =~ 1*x1, momwemo mpaka wy3. Mivi yake, yosonyeza mmene ulendo wina umalosera wotsatira, ndi wx2 ~ wx1 + wy1 ndi wy2 ~ wx1 + wy1. Mnzanu amene sanaonepo deta yanu akhoza kuwerenga mizere imeneyi n'kudziwa zomwe mwaganiza.

Msampha waukulu uli pa lamulo loyendetsera. Ambiri amazolowera sem(), koma sem() imawonjezera yokha covariance (ulalo wa kusinthira limodzi) pakati pa ma latent variable (zinthu zosayezedwa mwachindunji, monga RIx ndi wx1) onse osalozedwa ndi muvi. Ndiye kuti RIx ndi RIy amalumikizidwa ndi wx1 ndi wy1, maulalo 4 omwe RI-CLPM siyiwalola. Pa maulendo 3 zimaonekera msanga chifukwa model imakanika. Maulendo akachuluka ikhoza kuyenda bwinobwino, inu n'kulemba lipoti la model ina osati yomwe mwatchula. Njira yabwino ndi lamulo la lavaan() pamodzi ndi meanstructure = TRUE ndi int.ov.free = TRUE, poti siliwonjezera maulalo amenewa. Nalonso lili ndi mbali yake: variance (kumwazikana kwa manambala) iliyonse muyenera kuilemba nokha, monga RIx ~~ RIx ndi wx2 ~~ wx2, ndipo yomwe mwaiwala imakhala 0.

Chodzitetezera ndi kuwerenga df (degrees of freedom, manambala otsala mukachotsa omwe model yadya pa omwe deta yapereka) musanayang'ane china chilichonse. Zoyezedwa 2 pa maulendo 3 zimapereka ma variance ndi ma covariance 21. Model imadya 20: 3 a ma random intercept, 3 a ulendo woyamba, mivi 8, ndi 6 a zotsalira. Choncho df iyenera kukhala 1. Pa maulendo 4 iyenera kukhala 9. Ikasiyana, pali mzere wosoweka kapena wowonjezera. Dziwaninso kuti pa df ya 1, CFI ndi RMSEA (miyezo ya mmene model ikugwirizanira ndi deta) zooneka bwino sizikutsimikizirani zambiri.

Msampha wachiwiri ndi wa anthu osiya kafukufuku panjira. lavaan mukaisiya yokha imataya munthu aliyense amene waphonya muyezo ngakhale umodzi. Pa nkhani ya kukhumudwa izi n'zoopsa, chifukwa kawirikawiri odwala kwambiri ndi amene sabwereranso. Lembani missing = "ML" kuti anthu oterewa asatayidwe, ndipo onani pamwamba pa zotsatira kuti anthu amene agwiritsidwa ntchito ndi angati. Manambala a PHQ-9 amakonda kuunjikana cha kufupi ndi 0, choncho estimator = "MLR", njira yopirira manambala opendekera mbali imodzi, ndiyo yoyenera, ndipo lavTestLRT() imakonza yokha kuyerekeza kwa chi-square mukamafanizira ma model awiri.

Mukafuna kuti mivi ikhale yofanana ulendo uliwonse, mumangoika chilembo chomwecho, monga a*wx1 ndi a*wx2. Teroni pokhapokha mipata ya nthawi ikhale yofanana. Muvi wa miyezi 3 si muvi wa chaka, ndipo lavaan siidziwa kalendala. Pa mipata yosiyanasiyana phukusi la ctsem ndilo linapangidwira zimenezo. Musadabwenso mukaona manambala a standardized akusiyana ngakhale mwamangiriza mivi, chifukwa variance imasintha ulendo ndi ulendo.

Chenjezo loti variance yatuluka yochepera 0 limabwera kawirikawiri, ndipo anthu amaimba mlandu pulogalamu. Nthawi zambiri vuto limakhala anthu ochepa, maulendo ochepa, kapena kusiyana kokhazikika kochepa pakati pa anthu. Uthenga wa lavaan sutchula chomwe chachititsa, ndipo apa ikanatha kuthandiza bwino kuposa pamenepa. Phukusi la powRICLPM la Jeroen Mulder limakuthandizani kuyerekezeratu kuchuluka kwa anthu ndi maulendo ofunika musanatolere deta.

Pali pomwe lavaan imalekezera. Mukaika mafunso amodziamodzi pa ordered, kusonyeza kuti mayankho ake ndi magulu otsatizana, imagwiritsa ntchito njira ina yowerengera yotchedwa WLSMV, ndipo njira ya ML ija yosamalira osiya panjira siyipezekanso. Deta ya tsiku ndi tsiku, yomwe munthu mmodzi wayezedwa maulendo 50 kapena kuposa, siyikwana m'kalembedwe ka mzere umodzi. Imeneyo ndi ntchito ya njira ina yotchedwa DSEM, yomwe inabwera mu pulogalamu ya Mplus 8 mu 2017, ndipo Mplus ndi yogula. Ngati kafukufuku wanu ndi wa maulendo ochepa pa anthu ambiri, palibe chifukwa chogulira laisensi. Ngati ndi wa tsiku ndi tsiku, ikani Mplus mu bajeti kuyambira pachiyambi.