Ntchito yogulitsa nyali za sola khomo ndi khomo ku Angónia

Ndinagwira ntchito miyezi isanu ndi inayi pa kampani ina yogulitsa nyali za sola khomo ndi khomo m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo malipiro anga onse ankadalira katundu amene ndagulitsa, popanda ndalama yokhazikika pakutha pa mwezi. Katunduyo ngwabwino ndithu, moti sindinkachita naye manyazi: nyali imawala bwino ikaothera dzuwa mokwanira, ndipo wogula amalipira pang'onopang'ono potumiza ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola.

Vuto lili pa kawerengedwe ka komishoni. Tsiku lotilemba ntchito anatiuza za phindu lokha, koma sanatifotokozere kuti wogula akasiya kulipira, gawo la ndalama zathu limadulidwa, ngakhale kuti ifeyo tinagwira kale ntchito yathu. Ndalama yokwerera chapa (minibasi) kuchoka ku Ulónguè kupita ku Dómuè, chakudya chamasana ndi mayunitsi a foni zinkachokera m'thumba mwanga.

Komanso malondawa amayendera nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, alimi akagulitsa fodya, soya ndi mbatata ya kachewere, ndinkatha kugulitsa nyali zingapo pa tsiku limodzi la msika. Mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikatha m'nkhokwe, sabata inkatha osagulitsa kanthu. Sindiiwala mayi wina amene anaitembenuzatembenuza nyali m'manja kwa nthawi yaitali, kenako anandibwezera ndi manja awiri n'kunena kuti, "Achimwene, mudzabwerenso tikakolola."

Amene akufuna kuyamba ntchitoyi ayambe nthawi yokolola, ndipo apemphe kaye pangano lolembedwa losonyeza tsiku lolandira komishoni ndi zifukwa zimene angaidulire.