Ku San Gimignano: Nsanja Kapena Tchalitchi?

M'tauni yakale ya paphiri imeneyi, ku Tuscany m'dziko la Italy, nsanja ya Torre Grossa ndi tchalitchi cha Collegiata n'zoyandikana, ndipo konseko mumalipira polowa.

Nsanjayo inamalizidwa mu 1311, ndi yotalika mamita 54. Masitepe ndi oposa 200, chikepe mulibe. Mukafika pamwamba mukupuma wefuwefu, mumaona minda ya mpesa mbali zonse.

Tchalitchi anachipatula mu 1148. Kunja sichikopa maso, koma mkati makoma adzaza zithunzi: Chipangano Chakale mbali iyi, Chatsopano mbali inayo, ndiponso moyo wa Santa Fina, mtsikana woyera mtima wa m'tauniyi, wojambulidwa ndi Domenico Ghirlandaio. Kwa ine, chuma chenicheni chili muno. Valani zobisa mapewa.

Achinyamata okonda kujambula, kwerani nsanja. Ngati muli ndi agogo kapena mawondo amavuta, lowani m'tchalitchi.