Kufewetsa Mapesi: Asidi Kapena Laimu?

Tikakolola chimanga kuno ku Angónia, mapesi ambiri amangotenthedwa, chonsecho muli shuga wopangira ethanol. Kungoti shugayo anamangika mu ulusi wolimba, yisiti, amene amasandutsa shuga kukhala ethanol, sangamufike mapesiwo asanafewetsedwe.

Asidi wa salifiyuliki wothira madzi ndi wachangu: akatenthedwa kupitirira madigiri 150, mphindi zochepa zakwana. Koma amadya zitsulo, komanso amatulutsa mankhwala otchedwa furfural, omwe amafoola yisiti.

Laimu, uja wopaka makoma, ndi wodekha. Amagwira ngati chidulo chimene agogo amafewetsera ndiwo zamasamba, pang'onopang'ono n'kumasula lignin, chinthu chonga guluu chimene chimatchinga ulusiwo. Safuna moto wambiri, koma mudikira masiku, mwinanso masabata. Konseku ma enzyme, mankhwala achilengedwe ophwanya ulusi, amafunikabe kuti shuga atuluke.

Ine mtima wanga uli pa laimu: ndi wotchipa, ndipo sabowola migolo yathu.