Galaji yomwe inapeza chonunkha labala m'galimoto yanga

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nkhani ya foni ndinena kumunsiku, koma kumbali ya ntchito ya manja ayi ndithu anyamatawa amaidziwa.

Vuto linali fungo la labala wopserera, limabwera injini ikatentha makamaka ndikaima pa jamu kapena ndikayatsa AC, komanso m'mawa polizitsa kumamveka kaphokoso ka tswiii pang'ono kenako zii. Galaji ina yomwe ndinayambira anangotsegula boneti, kusuzumira, basi akuti fanibeliti, lamba wa kutsogolo kwa injini uja, yatha, anasintha, koma sipanatenge nthawi fungo lija ndi ili labwereranso pa lamba watsopano.

Apa zinayenda mosiyana. Mkulu wa pagalajipo asanagwire sipanala anayamba ndi mafunso, likumanunkha nthawi yanji, mukaponda buleki kapena mukamakwera mtunda, likuchokera kutsogolo kapena kumatayala, pansi pomwe mumaimika mukumapezapo madontho? Ndimaona ngati akuchedwetsa koma zinali ndi mutu. Akuti zambiri zomwe eni magalimoto timangoti labala si labala. Kilatchi ikamaterereka imakhala ndi fungo lake ndipo umaona injini ikukuwa koma liwiro osawonjezekera, buleki ikagwira fungo limakhala pa tayala limodzi, kulanti, madzi oziziritsa injini aja, akamadontha amanunkha motsekemera, mawaya akamapsa ndi fungo la pulasitiki lolasa m'mphuno ndipo limenelo sukambirana nalo, umazimitsa injini pompo. Ngakhale jumbo ikamatirira pa ekizozi imatha kukusowetsa mtendere pomwe galimoto ilibe vuto lililonse.

Tinazungulira nayo pang'ono kuti itenthe, pobwera analoza kachipangizo koyezera kutentha kaja pa madisiki a buleki, kumanja ndi kumanzere kunali kofanana ndiye mabuleki anawachotsa pa mlandu. Anaikweza pa jeke, kuzungulitsa matayala ndi manja, kuyang'ana mkati ngati tayala likukhula penapake, palibe. Mapaipi a labala nawo anawatsata limodzi limodzi kuona ngati lina lasomphoka n'kukagunda ekizozi.

Pomwe ndinawagomera ndi apa. Injini itazizira anamasula lamba yense n'kuyamba kupukusa ndi dzanja mapule, timawilo tomwe lamba amazungulirapo, ya alitaneta yotchaja batire bwinobwino, ya pampu ya madzi bwinobwino, ya AC chimodzimodzi, kufika pa kapule kakang'ono kongowongolera lamba kaja, kolimba, kakulira khwekhwere ngati muli mchenga. Anandiitana kuti bwana tabwerani mugwire nokha. Bering'i yake inali itatha, ndiye ikatentha imakakamira, lamba n'kumangokhula pamwamba pake m'malo mozungulira nayo, ndipo kumsana kwa lambayo kunali kutanyezimira kale chifukwa chopsa. Ndiye ukasintha lamba yekha wangompatsa pule uja chakudya chatsopano.

Sizinathere pomwepo. Anawalitsa tochi m'mbali mwa injini n'kupeza kuti gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, chomatira chomwe chimatseka oyilo pamwamba pa injini, ikutulutsa oyilo, wina akutsikira pa lamba wina akudonthera pa manifodi ya ekizozi, potulukira utsi kuchokera mu injini, pomwe pamatentha madigiri mazanamazana. Oyilo amafewetsa labala komanso amapangitsa lamba kuterereka, ndiye mavuto awiri amathandizana kununkha. Ine gasiketiyo sindikanaiganizira chifukwa pansi sipamaoneka dontho, oyilo yense amapsera m'njira.

Anasintha pule, gasiketi ndi lamba, tenshona yomwe imakunga lamba anaiyesa n'kunena kuti ikadali ndi mphamvu tiisiye, zomwe ndinakonda chifukwa akanatha kungoiphatikiza ine osadziwa kanthu. Anatsuka oyilo yense ndi mankhwala ochotsera mafuta, kenako kuyeza batire injini ikulira, inali pa ma volti 14 ndi pang'ono, mkati mwa 13.5 mpaka 14.5 momwe zimayenera kukhalira alitaneta ikamatchaja bwino. Zitsulo zakale anandipatsa m'manja osachita kupempha. Anandichenjezanso kuti kafungo pang'ono katsalira masiku oyamba pomwe oyilo wotsala m'makona akupsa, ndipo zinaterodi, pano kanatheratu, tswiii wa m'mawa uja nayenso kulibe.

Tsopano zodandaula. Foni sayankha anthu awa, eeh. Anandilonjeza kuti andiimbira zipangizo zikafika, sanaimbe, ndine ndimachita kuwasaka, ndipo galimoto inagona komweko pomwe ntchito yeniyeniyo ndi ya maola ochepa. Chiwongolero anandibwezera chili ndi girisi, pampando sanayale kanthu. Pepala lofotokoza zomwe asintha analemba nditachita kukumbutsa. Ndi zazing'ono inde koma galaji yodziwa ntchito chonchi siyenera kugwa pa zoterezi.

Kwa amene galimoto ikununkha chimodzimodzi, auzeni amakaniko achotse lamba apukuse mapule onse inu mukuona, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndipo mukadzaona nyali ya batire yayaka pa dashibodi chiwongolero n'kulemera nthawi imodzi, imani, lamba waduka ameneyo, ndipo pa magalimoto ambiri ndi yemweyo amazungulitsa pampu ya madzi ndiye injini sichedwa kubwata.